Futali wa ku Ofesi

Kanema wa mu ofesi yathu sanagulidwe kuti tizionerapo masewero. Kampani inamupachika pakhoma kuti alimi, akamadikira kuyezetsa mpunga wawo pa sikelo, aziona mmene anthu a kunja amawokera mpunga m'mizere. Alimiwo ankangoponyako maso kamodzi n'kutuluka kukakhala pansi pa mtengo wa mango, kumene kunali kamphepo. Mapeto ake asekilitale athu anamufunda nsalu yoluka kuti asalowe fumbi, ndipo tonse tinamuiwala.

Ine ndinkasunga makiyi a shedi yosungiramo mpunga. Ofesi inali pa boma, kwathu kunali ku Chia, ndipo ndinkayenda pa minibasi m'mawa ndi madzulo. Antchito tinalipo ochepa: ine, asekilitale, dalaivala, ndi mkulu wina woyeza pa sikelo amene anayamba ntchito ife tili ku pulayimale. Kupatula asekilitale, tonse tinali Asilamu.

Amene anavundukula nsalu ija anali dalaivala, chaka chimene mwezi wa Ramazani unagwa mpunga usanache. Alimi sankabwera, shedi inali yopanda kanthu, ndipo nthawi ya nkhomaliro kwa munthu wosala imatalika ngati ulendo wapansi. Dalaivala anatulutsa fulashi m'thumba nati mnzake wa ku Dwangwa wamuikiramo sewero la azungu lanthabwala, la magawo ambirimbiri, lonena za ofesi ya kampani yogulitsa mipando. Chingerezi chake chinali chothamanga, chotulukira m'mphuno, moti tinkangotolapo apa ndi apo. Koma sitinkasowa womasulira. Bwana wa m'seweromo ankaitanitsa misonkhano yopanda mutu, ankanena nthabwala n'kuseka yekha anthu atangoti zii, ndipo ankafunitsitsa kuti antchito ake azimukonda kuposa mmene ankafunira kuti mipando igulidwe. Gawo loyamba lisanathe, dalaivala anayang'ana ine, ine ndinayang'ana asekilitale, asekilitale anayang'ana chitseko cha abwana athu.

Abwana athuwo anali atangobwera kumene. Kwawo kunali ku Rumphi, akazi awo anali mphunzitsi ndipo anatsala ku Mzuzu ndi ana, iwo akukhala okha m'nyumba ya kampani kuseri kwa ofesi. Tsiku loyamba anatisonkhanitsa nati, "Pano palibe bwana. Muzingonditchula kuti achimwene." Tinayesa, koma pakamwa pankakana, mpaka tinagwirizana pa dzina lakuti abwana achimwene, ndipo iwo anakondwa nalo. Ankatipatsa moni wa pamanja m'mawa, n'kudzatipatsanso masana ngati tinali ku ulendo. Tsiku lina analowa m'shedi kuti asenze thumba, tione kuti ndi mnzathu, ndipo anayenda chopendekeka sabata yonse. Sanali munthu woipa. Anali munthu wotopetsa, ndipo nthawi zina woipa amakhalako bwino chifukwa umadziwa pomudera.

Chimene chinkatizizwitsa m'sewero muja si bwanayo ayi, popeza wotere tinali naye. Tinkadabwa ndi antchito ake. Bwana akawaitana ku msonkhano, wina ankangoti sindibwera, ndili ndi zochita. Akanena nthabwala yosakoma, wina ankamuuza pamaso kuti sinakome. Ndiye m'mawa mwake munthu yemweyo n'kubweranso kuntchito, kukhala pampando wake womwewo, osachotsedwa. Mkulu wa pa sikelo ankakhala atafulatira kanema, akuwerenga mikanda ya tasibi yake yopempherera, ponena kuti zoseketsa zimachepetsa malipiro a swaumu, kusala kwathuko. Komabe mapewa ake ankagwedera. Tsiku lina anatembenuka nati, "Ana opanda mwambo awa. Wamkulu sauzidwa." Anatero akupukuta misozi ya kuseka.

Abwana atamva phwete, anatulukira. Tinafuna kuzimitsa, koma anatiletsa, nakoka mpando. Kuyambira tsiku limenelo sankaphonya, ndipo ankaseka kuposa tonsefe, akumenya ntchafu. "Munthu uyu ngopepera," ankatero. "Angayendetse bwanji ofesi chonchi?" Ife tinkaseka kawiri, kuseka wa pa kanema ndi kuseka wa pampando.

Kenaka panabwera gawo lina limene bwana wa m'sewero uja anakonza phwando kunyumba kwake. Anagula zakudya, anayala mipando, anavala chipewa cha pepala, koma palibe wantchito ndi mmodzi yemwe amene anabwera. Anakhala yekha pakati pa mbale, akuyang'ana pakhomo. Dalaivala anaseka mpaka kutsokomola. Abwana athu sanaseke. Gawolo litatha anati, "Anthu ouma mtima awa. Inu simungachite zimenezi."

Tonse tinati sitingachite.

M'mawa mwake anabwera atavala mzuli woyera umene anagula pa msika, utawathina pamutu. Anatiuza kuti ngakhale iwo ndi a mpingo, aganiza zosala nafe limodzi mwezi wonse, ndipo Lachisanu likubweralo tisapite kunyumba msanga, tidzamasulire swaumu pa ofesi pomwepo. Anali atapangana kale ndi mayi wina wa kumsika kuti aphike futali wa chinangwa, mpunga wa nyama ndi tiyi wa mkaka.

Apa ndiyenera kufotokoza chimene abwanawo sankadziwa. Manijala amene analipo iwo asanabwere anali wouma nkhope, wosapereka moni, koma mwezi wa Ramazani ukafika, dzuwa likangopendeka, ankatseka chitseko chake n'kukhala ngati sakuona. Ife tinkanyamula zikwama mmodzimmodzi n'kumapita. Sizinalembedwe paliponse, ndipo palibe amene anazitchulapo. Ndiye palibenso amene akanaziuza abwana atsopano, chifukwa kutero kukanakhala kuulula kuti zaka zonsezi tinkazemba.

Ndipo ine ndinali ndi chifukwa changachanga chothamangira. Ababa, bambo anga ondibereka, anali okalamba kwambiri, ndipo tinkakhala nawo pakhomo chimwalirireni amayi. Makutu awo anali atagontha, maso atachita ng'ala. Azana, mawu oitanira anthu ku mapemphero kumzikiti, sankaimva, kulowa kwa dzuwa sankakuona. "Kwa ine kunada kalekale," ankatero. Ashehe anawauza kuti munthu wa msinkhu wawo akhoza kusiya kusala, Mulungu sangawawerengere mlandu. Ababa anayankha kuti ashehewo anawaona ali khanda, akukwawa. Ankasala basi, ndipo madzulo ankakhala pamkeka pakhonde, kapu ya madzi ili patsogolo pawo yovundikira ndi kambale, kudikira kuti ine ndiwagwire bondo. Ndikawagwira, ankadziwa kuti azana yamveka, n'kumwa.

Bondolo linali langa ndekha. Mkazi wanga sakanaligwira, popeza apongozi sagwirana, ndipo akawakuwira patali, Ababa ankati akazi amafulumiza dzuwa pofuna kutsuka mbale kukadawala. Ana nawonso Ababa ankawakana chifukwa chaka china mwana wanga wamkazi anawagwira nthawi isanakwane, mitambo itamunamiza, ndipo Ababa anachita kubweza tsikulo mwezi utatha. Anali munthu wa liuma chibadwire, ukalamba unangowonjezera.

Lachisanu lija ndinawauza m'mawa, pakhutu, kuti ndichedwa, alole kuti mwana awadziwitse. Anagwedeza mutu, ine n'kuyesa kuti avomera.

Futali wa ku ofesi anali wokoma, zimenezo sindinganame. Nsinjiro zinalowa bwino, nyama inali yambiri. Abwana anayala mikeka pakati pa madesiki, anakhala pansi mopinda miyendo ngati ife, miyendoyo n'kuchita dzanzi, moti podzuka anagwira sikelo. Azana itamveka anamwa madzi makapu awiri mosapumira nati sanadziwe kuti madzi amakoma chonchi. Titadya, mkulu wa pa sikelo anaimirira kuti athokoze m'malo mwathu, monga zimakhalira. Anathokoza ngati kuti watsegulidwa mpopi. Anati chiyambire ntchito sanaonepo bwana wotere, anati Mulungu awabwezere pamene pachoka, anati ife tinali ana amasiye koma lero tapeza bambo. Ndinaona maso a abwana akulengeza misozi, ndipo mtima wanga unati myuu.

"Yewo, yewo chomene," anatero m'chinenero chakwawo. "Ngati zili chonchi, bwanji tizichita tsiku lililonse la ntchito mpaka Idi?"

Tinawomba m'manja.

Minibasi za ku Chia zimasowa kukangoda. Ndinaima pamsewu mpaka ndinakwera kabaza wa njinga yamoto, wothamanga ngati akuthawa ngozi imene wachita. Nditafika pakhomo, mkazi wanga anali ataima pafupi ndi khitchini, manja ali m'chiuno. Anangoloza kukhonde ndi mlomo. Ababa anali pamkeka paja, kapu ili chivundikirire. Ndinagwada n'kuwagwira bondo. Anapapasa kambale, anakachotsa, ananena Bismillah, namwa pang'onopang'ono. Atatha anati, "Lero dzuwa lachedwa."

"Ndachedwa ndine, Ababa," ndinakuwa pakhutu pawo. "Abwana anatikonzera chakudya."

"Anakudyetsa?"

"Eya."

"Ndi munthu wabwino," anatero, n'kuyamba kudya futali wozizira.

Sabata yotsatira inayenda chomwecho. Tsiku lililonse ndinkadya nyama pa ofesi, mtima uli pa kapu ija. Ndinayesa njira zathu zonse. Ndinanena kuti m'mimba mukundipotokola, abwana n'kutulutsa mapiritsi m'dirowa, kundigoneka pa benchi, kumabwera kudzandigwira pamphumi. Za maliro sindikananamizira, chifukwa munthu uja akanavala jekete n'kunditsata mpaka kusiwa. Ndiye tinachita zimene anthu amachita akafuna kulankhula ndi wamkulu, tinatuma munthu. Asekilitale analowa ndi tiyi amene abwana sakanamwa, nakawauza mozungulira kuti anyamatawa akuvutika mayendedwe madzulo. Abwana anatuluka akudziguguda kuti sanaganizepo zimenezo, nalamula kuti tikamaliza kudya dalaivala azititula aliyense pakhomo pake pa galimoto ya kampani. Tinathokozanso. Tsopano ngakhale chonamizira chinatha, ndipo popeza kwathu kunali kutali kuposa onse, ine ndinkatsika pomaliza.

Mungafunse kuti bwanji sindinangonena zoona. Nanenso ndinkadzifunsa pa galimoto paja. Koma taganizani: munthu wasiya chakudya chake cha masana chifukwa cha inu, wavala mzuli wothina, wakuphikirani, ndiye inu mukamuuze kuti chakudya chanucho chikupha bambo anga ndi ludzu. Chakudya sichikanidwa, ndipo cha bwana ndiye kaya. Komanso ntchito ndinali ndi imodzi yomweyo. Anzanga nawonso ankadandaula. Dalaivala ankati mkazi wake wayamba kumufunsa ngati wakwatira kwina, mkulu wa pa sikelo ankaphonya mapemphero a jamaa, a pagulu aja, kumzikiti wakwawo. Koma madzulo aliwonse mkulu yemweyo ankaimirira n'kuthokoza, mawu ake n'kumakomerakomera. Masana tinkaonerabe sewero lija, antchito a mmenemo akuuza bwana wawo kuti ayi, ife tikuseka. Ine kuseka kunayamba kundithera. Ndinkawayang'ana anthu aja ndi nsanje yeniyeni.

Nyengo imeneyo kunyanja kumatentha konyowa, thukuta osauma. Ababa anayamba kufooka. Mkazi wanga anandiuza kuti masana amangogona, ndipo milomo yawo yayamba kung'aluka. Tsiku lina nditawagwira bondo, dzanja lawo linanjenjemera mpaka madzi anatayikira pa mkanjo, ndinachita kuwagwirira kapu ngati mwana. Mkazi wanga anandiitanira kuseri kwa nyumba.

"Bambo a mwana, kodi manyazi anapha lambe aja simunawamve? Apongozi angawa akagwa pakhonde apa, ine ndiwadzutsa bwanji? Mudzawauza chiyani abale anu, kuti munali ku nyama?"

Ndinakwiya, chifukwa ankanena zoona. Ndinakwiyira iye, ndinakwiyira Ababa ndi liuma lawo, ndinakwiyira abwana ndi mzuli wawo.

M'mawa pa minibasi ndinkayeseza mawu. Ndinaganiza zochita ngati anthu a m'sewero aja: kugogoda, kulowa, kunena kuti lero sindikhala, n'kutuluka. Ndinafikadi pachitseko ndi mawuwo ali pakamwa. Abwana anadzuka, anandipatsa moni wa manja awiri, anandikhazika pampando wabwino, nandifunsa ngati futali wa dzulo sanachepe mchere. Ndinawafunsa za ku Mzuzu, za amayi ndi ana. Anandionetsa zithunzi pa foni. Mawu anga aja anasungunuka, ndipo m'malo mwake munatuluka ena amene sindinawakonzekere.

"Abwana achimwene, Ababa andituma. Akuti mwawadyetsera mwana wawo masiku ambiri, ndiye lero mubwere mudzamasulire kwathu."

Ababa sananditume, koma ndinadziwa kuti sangakane mlendo. Ndinadziwanso kuti chakudya cha bwana sungachikane, koma bwananso sangakane kuitana kwa munthu wokalamba. Nkhope ya abwana inawala ngati ya mwana amene wauzidwa kuti apita nawo ku tauni. Chibwerereni ku Nkhotakota palibe amene anawaitanapo pakhomo. Anatuluka n'kulengeza kuti pepani abale, lero futali wa pa ofesi kulibe, iwo aitanidwa. Mkulu wa pa sikelo anati n'zomvetsa chisoni, chikwama chili kale paphewa.

Tinanyamuka dzuwa likadalipo, abwana akuyendetsa okha. Anaima pa msika n'kugula shuga, mafuta ophikira ndi paketi ya zipatso za tende, nafunsa ngati nkhuku yamoyo ingakhale mwano. Njira yonse ankayeseza moni wa Chisilamu, akuupotoza, ine ndikuwongola. Ndinali nditaimbira foni mkazi wanga, ndipo tinapeza pabwalo posesedwa, iye atavala chitenje chatsopano.

Ababa anali pamalo awo. Abwana anavula nsapato kutali kwambiri, pafupi ndi galimoto, nayenda ndi masokosi pamchenga. Anagwada napereka moni uja bwinobwino, koma Ababa sanamve. Anabwereza mokuwa, nkhuku n'kubalalika. Ndinawauza kuti makutu anagontha ndipo maso saona. Anati palibe vuto, nakhala pamkeka, n'kuyamba kuwakambira nthabwala ya Mtumbuka amene anakwera bwato koyamba. Anaikamba yonse mpaka kumapeto, naseka yekha. Ababa anali atangoyang'ana kutsogolo, manja ali pa maondo.

Mkazi wanga anabweretsa madzi ndi mbale, nakakhala poteropo. Tinadikira. Abwana ankayang'ana wotchi yawo, kenaka kapu yawo, akumeza malovu amene panalibe. Azana itamveka kuchokera kumzikiti, anatola kapu msangamsanga, koma anaima ataona kuti mwini khomo sanasunthe. Ine ndinatambasula dzanja n'kugwira bondo la Ababa. Anapapasa kambale, anakachotsa, ananena Bismillah, namwa.

"Lero dzuwa lafulumira," anatero Ababa.

Abwana anandiyang'ana. "Mwawagwiriranji bondo?"

Ndinawafotokozera mwachidule, za makutu, za apongozi, za mwana amene ananamizidwa ndi mitambo. Anamvetsera akumwetulira, ngati munthu amene akuphunzira mwambo wosangalatsa woti akaufotokoze kwawo. Kenaka kumwetulirako kunayamba kuchoka pang'onopang'ono.

"Nanga masiku onsewa mukakhala ku ofesi, amawagwira ndani?"

"Palibe."

"Ndiye amamwa nthawi yanji?"

"Ndikafika."

Kapu yawo inali ikadali m'manja, yodzaza. Anaiika pansi. Anayang'ana milomo ya Ababa, yong'aluka ija, kenaka msewu umene tinadzera. Ndinaona kuti akuwerenga okha mumtima: kudya kuja, kuthokoza kuja, galimoto kuzungulira makomo onse, ine kutsika pomaliza. Sindinawathandize. Kunena zoona, panthawi imeneyo ndinkafuna kuti ziwapweteke.

Ababa anamva kuti pamkeka pali munthu wina, mwina chifukwa cha fungo la mafuta odzola. "Kodi tili ndi mlendo?"

"Ndi abwana anga, Ababa," ndinakuwa.

"Amene amakudyetsa aja?"

"Omwewo."

Ababa anatambasula manja onse awiri, akupapasa mumlengalenga, mpaka abwana anawapatsa lawo. Analigwira mwamphamvu. "Zikomo, bambo," anatero. "Mwana wangayu kuntchito kwake sanadyetsedwepo. Inu mwamutenga ngati wanu. Ine ndikamamudikira pano sindidandaula, ndimadziwa kuti akudya. Mulungu akudalitseni."

Ababa sankanyoza. Sankadziwa n'komwe kunyoza kotero. Ankathokoza ndi mtima wonse, ndipo m'mathokozo onse amene abwana analandira mwezi umenewo, amenewa okha ndiwo anali oona.  Abwana anavula mzuli n'kuupinda m'manja. Mkazi wanga anawakumbutsa mwaulemu kuti sanamasule, ndipo anamwa madziwo ngati mankhwala. Futali anangomulawa. Pochoka anaiwala nsapato, nabwerera atalowa kale m'galimoto.

M'mawa mwake anaitanitsa msonkhano. Anayamba ndi mbiri ya agogo awo a ku Rumphi, anadutsa pa nkhani ya kufunika kwa banja, anafika mpaka pa bwana wa m'sewero uja, amene anati tsopano akumumvetsa. Tinakhala pamenepo mpaka miyendo kuwawa. Pomaliza penipeni ndi pamene ananena kuti futali wa pa ofesi watha, ndipo dzuwa likapendeka aliyense azipita. Mkulu wa pa sikelo anayamba kudzuka kuti athokoze. Abwana anakweza dzanja. "Adada, khalani pansi, chonde," anatero. "Musandithokozenso."

Kuyambira tsiku limenelo iwo ndiwo ankatithamangitsa. Ankaima pakhomo akuliza makiyi ngati munthu wolowetsa nkhuku, ndipo ankayambira pa desiki yanga. "Thamangani, achimwene, adada akudikira." Mzuli sanauvalenso, koma kusala sanasiye, anati anayamba ndiye amaliza. Ankamasulira okha mu ofesi, kanema akuyankhula. Mkazi wanga, amene anali atawatukwana mumtima kwa masabata, anayamba kundipatsira kakontena ka futali m'mawa kuti ndikawasiyire. Ababa anapezako mphamvu, milomo inapola, ndipo madzulo aliwonse akamwa madzi ankafunsa ngati mlendo uja wadya. Anamaliza mwezi wonse osaphonya tsiku, ndipo pa Idi tinawatengera kumzikiti pa njinga.

Ababa anamwalira nyengo yozizira ya chaka chomwecho, mpunga uli m'shedi. Abwana anabwera ku maliro atavala suti yakuda, pakati pa anthu a mikanjo, ndipo pamene amuna ankalandirana jeneza, chithatha chonyamulira maliro, popita kumanda, iwonso analowetsa phewa lawo. Anali wamtali kuposa onse, moti jeneza linapendekeka, wina n'kuwakoka malaya kuti apatse anzawo.

Sewero lija tinalimaliza magawo onse, dalaivala n'kubweretsa lina la akarate limene silinatigwire mtima. Kanema anafundidwanso nsalu.

Ramazani yotsatira itafika, tsiku loyamba, ndinali pa desiki yanga ndikulemba za matumba. Dzuwa litapendeka ndinamva makiyi akulira kumbuyo kwanga.

"Thamangani, achimwene, adada aku..."

Anaima pomwepo. Makiyi anasiya kulira. Asekilitale anaweramira pa kompyuta, dalaivala anatuluka panja. Abwana anagwira pakamwa, nayamba kupepesa, kupepesa kwake kosatha kuja, kolowa m'Chitumbuka n'kubwerera m'Chichewa. Ndinawauza kuti palibe kanthu, ndipo panalibedi kanthu. Miyezi yonseyi anthu anali akusamala pakamwa pamaso panga, ndipo uyu yekha, mwa kupepera kwake, anali akuwasungabe Ababa pakhonde paja.

Ndinatseka shedi, ndinanyamula chikwama, ndinapeza minibasi mosavuta. Ndinafika kwathu kukadali kowala, nthawi ilipo yambiri. Mkazi wanga anali atayala mkeka pakhonde, ndipo mwa chizolowezi kapu yanga anaivundikira ndi kambale kaja. Azana inamveka bwinobwino. Ana anayamba kumwa, ine ndinakhalabe, mpaka mwana wanga wamkazi anasendera pafupi n'kundigwira bondo.